Mlongo Wanga Ermelinda

Ndimakonza mafoni pamsika wa Ulongwe,
tebulo langa lili kuseri kwa ogulitsa kachewere.
Obwera ndi foni yakufa amayamba ndi funso lomwelo:
kodi Dokotala Tsokalida uja ndi mlongo wanu?
Ndimangogwedeza mutu, kasikuluwu kali pamlomo.

Yunifolomu anagulira ine.
Iye anampatsa dengu.
Ankakhala pamsewu wa kumalire
kugulitsa milu kwa oyendetsa malole,
metikale uku, kwacha uko,
chenji atachipeza kale m'mutu
wogula asanapise dzanja m'thumba.
Usiku ankatenga kope langa mwakabisira
n'kukonza masamu amene ndalakwa
ndi kapensulo kofupika ngati chala cha khanda.
Aphunzitsi anandiyamikira zaka ziwiri.
Sindinaulule.
Anaulula ndi Sisitere Benvinda,
ataona kuti seveni wanga ali ndi manja awiri.

Kompyuta yoyamba anaipeza ku ofesi ya mishoni,
yofunditsidwa chitenje ngati wodwala malungo.
Ankakolopa khonde sabata yathunthu
kuti aigwire ola limodzi Loweruka,
magetsi akakhalapo.

Kenaka Tete.
Anapita ndi juzi ziwiri, mwana wa kumapiri,
kumene phula limasungunuka masana.
Kenaka Maputo, masiku awiri pabasi.
M'kalasi la anthu makumi asanu ndi limodzi
akazi anali atatu,
ndipo wina anamufunsa mwaulemu ndithu
ngati sanasochere khomo la anamwino.
Anandilembera zimenezi m'kalata.
Pansi pake anawonjezera: nditumizire nyemba.

Za kunja kwa nyanja sindizidziwa bwino.
Ndikudziwa buku lakuda lachikuto cholimba
limene mayi analisunga m'sutikesi
pamodzi ndi makadi athu a ubatizo.
Ndinalitsegulapo. Ndinamva dzina lake lokha.

Chimene ndinaona ndi maso ndi ichi:
anabwerera ndi kachojambulira mawu
n'kukhala pansi pakati pa amayi a tomato,
miyezi, zaka,
kutola mawu athu monga atolera khunkha,
Chichewa chathu chino chothira mchere wa Chipwitikizi,
chimene makina a eni ake ankachiyesa phokoso.
Poyamba chinthucho chinali chogontha.
Ukafunsa mtengo wa feteleza
chinkakuuza za mtengo wa mapichesi.
Msika wonse unaseka.
Iye anasekanso, n'kulemba,
n'kukachezera nacho usiku mpaka maso kufiira.

Lero mayi Nachisale a ku Domwe,
amene sanagwirepo choko,
amauza foni kuti masamba akuda m'mphepete,
foni n'kuyankha: chiwawu chimenecho, musachedwe.
Saidziwa nkhope ya amene anaiboola makutu.
Amangoti foniyi ndi yoleredwa bwino.

Akuti amatsogolera ofufuza makumi atatu.
Akuti atsikana amene wawaphunzitsa
akuphunzitsa ena ku Beira ndi ku Nampula.
Mphotho yake yagalasi, yolemera ngati njerwa,
mayi amatsekerezera chitseko kukachita mphepo ya Juni.

Mwezi wathawu anatsika shapa ndi fumbi m'tsitsi,
imvi zitayamba cha m'makutumu,
naika foni yosweka galasi patebulo panga.
Achimwene, ichi chandikanika.
Ndikudziwa kuti sichinamukanike.
Ndinatchula metikale mazana atatu,
iye anati awiri,
tinalimbana ngati anthu osadziwana
mpaka wogulitsa anyezi anatiweruza.

Ndikumata galasilo ndinati, osadzutsa mutu,
masamu aja.
Anakhala chete, akusenda nthochi.
Kenaka anati: unkaiwala kubwereka.
Nthawi zonse unkaiwala kubwereka kwa nambala yoyandikana nayo.

Foni inayaka m'dzanja langa.
Inandipatsa moni m'chinenero cha amayi,
ndipo ine, wa yunifolomu uja,
ndinayankha.